MBIRI YA MAVOTI A CHADIZA ITSUTSA ONYOZA MLIMI

Nthawi iri yonse masankho akatha, kumveka mau awiri onena za anthu a ku Chadiza ndi anzao a m'Cigawo ca Kum'mawa. Mau oyamba acokera kwa anthu ena a m'matauni amene amati mlimi wa ku Chadiza sadziwa ndale, angotsata mtundu wake monga nkhosa itsata inzake polowa m'khola. Mau aciwiri amabwera masankho asanacitike. Abwera ndi anthu ofuna mipando, amene afika pa galimoto m'midzi ya Amfumu Zingalume, Mlolo ndi Mwangala ndi kunena kuti "wako ni wako." Magulu awiriwa aoneka ngati adani, koma maganizo ao ndi amodzi, pakuti onse akhulupirira kuti mlimi alibe mutu woganizira. Mbiri ya mavoti a dera limeneli inalembedwa, ndipo iyenera kuwerengedwa poyera kuti bodza limeneli lithe. M'mbiri yomweyo muli mau owawa kwa anthu a ku Chadiza eni ake, ndipo naonso ayenera kuwamva.

PAMENE VOTI INALI YA AZUNGU OKHA

Wofuna kudziwa mtengo wa voti ayambire pa caka ca 1953, pamene atsamunda anamanga Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'Citaganya cimodzi, ngakhale kuti mafumu ndi anthu akuda anakana poyera. Nyumba ya Malamulo ya Citaganya inali ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, ndipo inali ndi mamembala 35. Pa masankho a mu Disembala 1953 Northern Rhodesia inagawidwa m'madera 8. Lamulo linafuna kuti woponya voti akhale nzika ya Britain, wodziwa Cingerezi ndiponso wa cuma, pamene anthu akuda a dziko lino anali kuwerengedwa ngati "otetezedwa" cabe. Motero akuda amene analowa m'kaundula wa voti anali owerengeka ndi zala.

Azungu okhala kumayadi a m'mbali mwa Salisbury anali ndi dera lao-lao lochedwa Salisbury Suburbs, ndi membala wao-wao. A kumayadi a ku Bulawayo naonso anali ndi lao. Koma anthu akuda onse a mu Northern Rhodesia, pafupifupi mamiliyoni awiri, anapatsidwa mamembala awiri okha, a Dauti Yamba ndi a Mateyo Kakumbi, ndipo ngakhale iwowa sanasankhidwe ndi anthu m'midzi koma ndi bungwe la African Representative Council. Kuno Kum'mawa voti inali m'manja mwa alimi a fodya, amasitolo ndi akalaliki acizungu a ku Fort Jameson, ambiri a iwo okhala pa nthaka imene kampani ya North Charterland inatenga, pamene Acewa ndi Angoni anakankhidwira m'malo opanikizana. Mwamuna wa ku Nsadzu anali kukhoma msonkho, kuyenda ndi citupa, ndi kukagwira nchito m'mafamu a ku Southern Rhodesia, koma za amene adzamlankhulira ku Salisbury sanafunsidwe konse. Godfrey Huggins, nduna yaikulu yoyamba ya Citaganya, akumbukika cifukwa ca fanizo lake lakuti mgwirizano wa mzungu ndi wakuda uli ngati wa kavalo ndi womkwera.

Ufulu wa voti sunabwere ngati mphatso. Mu Malici 1959 cipani ca Zambia African National Congress cinaletsedwa cifukwa cokana masankho a tsankho, ndipo a Kenneth Kaunda anatumizidwa ku Kabompo. Mu 1961 anthu anatentha zitupa pa nthawi ya Cha Cha Cha, ndipo ena anaphedwa. Masankho a mu Okutobala 1962 anali akali ndi makaundula awiri, wapamwamba ndi wapansi, komabe UNIP ndi ANC ya a Harry Nkumbula zinapeza mipando yokwanira kupanga boma pamodzi. Citaganya cinafa pa 31 Disembala 1963. Mu Januwale 1964 munthu wamkulu ali yense, mwamuna kapena mkazi, wophunzira kapena wosaphunzira, anaponya voti kwa nthawi yoyamba. UNIP inatenga mipando 55 mwa 65 ya kaundula wa anthu onse, ndipo Kum'mawa kunaima ndi UNIP. Mtsogoleri amene anamsankha anabadwira ku Lubwa, ku Chinsali, ndipo cinenero ca ubwana wake cinali Cibemba. Onena za mtundu ayambe afotokoza zimenezi.

ZAKA ZA CIPANI CIMODZI

Pa 13 Disembala 1972 Zambia inakhala dziko la cipani cimodzi. Pa masankho a mu Disembala 1973 madera anaonjezedwa kucokera pa 105 kufika pa 125, ndipo Chadiza inali pakati pa maderawo. Kuyambira pamenepo, mu 1973, 1978, 1983 ndi 1988, membala ali yense wa Chadiza anali wa UNIP, pakuti cipani cina cinalibe cilolezo. Za nthawi imeneyi payenera kunenedwa zoona zokha-zokha. Mu 1973 ndi 1978 ofuna mpando anali kuyamba ayesedwa ndi akuluakulu a Cipani a m'dera, atatu opambana ndiwo anali kupita kwa anthu, ndipo Komiti Yaikulu ku Lusaka inali ndi mphamvu yofafaniza dzina la munthu ngakhale atapambana. Pa mpando wa Mtsogoleri wa dziko panali dzina limodzi, ndipo munthu anali kungosankha "inde" kapena "ai", cizindikiro ca "inde" ciri nkhwazi, ca "ai" ciri fisi kapena cule. Ameneyu sanali masankho athunthu, ndipo anthu anazindikira, cifukwa mu 1973 amene anapita kukavota m'dziko lonse sanakwane theka la olembetsa.

Komabe pa mpando wa membala wa Nyumba ya Malamulo panali mpikisano weniweni. Onse opikisana anali a cipani cimodzi, ndipo kawirikawiri a mtundu umodzi, kotero mlimi sakanatha kusankha potsata mtundu kapena mtundu wa malaya. Anali kuyang'ana amene anabweretsa citsime, sukulu kapena depoti. M'dziko lonse mamembala ambiri, pamodzi ndi nduna zina za boma, anagwa pa masankho amenewa. Mbadwo umene unaphunzira kuvota m'njira imeneyi ndiwo unaponya voti mu 1991.

CIFUKWA CAKE CHADIZA INAKANA MMD MU 1991

Pa 31 Okutobala 1991 cipani ca MMD cinatenga mipando 125 mwa 150, ndipo a Frederick Chiluba anakhala Mtsogoleri. UNIP inatsala ndi mipando 25, ndipo 19 mwa imeneyi inali mipando yonse ya Kum'mawa, kuphatikizapo Chadiza ndi Vubwi, madera awiri amene panthawiyo anali m'boma limodzi la Chadiza. Apa ndi pamene mnyozo unayambira. Anthu a m'mbali mwa njanji anati a Kum'mawa atsalira m'mbuyo.

Koma mlimi wa ku Chadiza anali ndi masamu ake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 boma linali kugula cimanga pa mtengo umodzi m'dziko lonse, kotero thumba la ku Chadiza linali ndi mtengo wofanana ndi thumba la ku Kabwe, ngakhale kuti Chadiza iri kutali ndi njanji. NAMBOARD ndi Eastern Co-operative Union zinali kufika ndi madepoti kufupi ndi midzi. Feteleza anali wotsika mtengo, ndipo mbeu ya SR52 ndi nkhongole za ulimi zinali kupezeka. Dongosolo limeneli linali ndi zilema zake. Malipiro anali kucedwa, cimanga cina cinali kuolera m'madepoti mvula itagwa, ndipo mtengo wa mkuwa utatsika mu 1975 boma linali kulipira zonsezi ndi nkhongole. Koma kwa banja la kumudzi ndilo linali khomo la ndalama za sukulu, njinga ndi malata.

Panalinso nkhani ya citetezo. Kuyambira mu 1987 zigawenga za RENAMO zinali kudumpha malire kucokera ku Mozambique, kupha anthu, kuba ng'ombe ndi kutentha nyumba m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke. Anthu amene anagona m'thengo zaka zimenezo, naona asilikali a boma atabwera kudzalonda malire, sakanafulumira kusintha boma monga munthu wa ku Kitwe amene sanamvepo mfuti usiku.

Munthu wa m'tauni anavota poyang'ana mtengo wa unga, umene unadzetsa cipolowe ku Lusaka mu Juni 1990. Munthu wa ku Chadiza anavota poyang'ana mtengo wa cimanga cimene ungawo ucokera. Onse awiri anaganiza ndi mimba ya ana ao, ndipo palibe cifukwa coti mmodzi achedwe wozindikira, mnzake nkhosa. Zimene zinatsata zinaonetsa kuti mantha a mlimi sanali opanda pake. Boma latsopano linacotsa cithandizo ca feteleza, linasiya msika wa cimanga m'manja mwa amalonda, ndipo cilala ca 1992 cinapeza makopaletivu ali kugwa. Ogula oyenda ndi ndalama m'zikwama ndiwo anayamba kuchula mtengo pakhomo pa mlimi.

KUNYANYALA KWA 1996

Mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti wofuna Utsogoleri akhale wa makolo onse awiri a mu Zambia. Colinga cinali kutsekera a Kaunda, amene makolo ao anacokera ku Nyasaland. Lamulo limenelo linali loipa, makamaka kwa anthu a m'malire, amene ali pansi pa Kalonga Gawa Undi mmodzi ndi abale ao a ku Malawi ndi Mozambique. UNIP inayankha ndi kunyanyala masankho a pa 18 Novembala 1996, ndipo mamembala ambiri a Kum'mawa anakhala kunyumba. Masankho sanaime. MMD inatenga mipando 131, ndipo cipani cimene zaka zisanu m'mbuyomo cinali ndi mipando yonse ya Kum'mawa cinatsala copanda membala ndi mmodzi yemwe m'Nyumba ya Malamulo. Amene anakhala kunyumba analamulidwa zaka zisanu ndi anthu amene iwo sanawasankhe. Membala wa cipani ciri conse amene auzidwa kuti asunge khadi yake m'bokosi akumbukire caka cimeneci.

KUCOKERA MU 2001 KUFIKA MU 2021

Mu Disembala 2001 UNIP inabwerera ndi kupeza mipando 13, yambiri ya Kum'mawa. A Levy Mwanawasa anapambana Utsogoleri ndi mavoti osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Mu 2002 boma lao linayambitsa Fertilizer Support Programme, ndipo feteleza wotsika mtengo anayamba kufikanso kwa alimi ang'onoang'ono kudzera m'makopaletivu. Pa masankho a mu Seputembala 2006 Chadiza inasankha a Allan Mbewe a MMD, cipani comwe cija cimene inacikana mu 1991. A Mwanawasa sanali a Kum'mawa, anabadwira ku Mufulira. Amene anapikisana nao kwambiri m'cigawo cino caka cimeneco anali a Hakainde Hichilema a ku Cigawo ca Kum'mwera, amene anaimira mgwirizano wa UPND, UNIP ndi FDD. Ngati mlimi wa Kum'mawa avotera magazi okha, mavoti amenewo anacokera kuti?

Zoona ziyenera kuvomerezedwa. Pamene a Rupiah Banda anaima mu 2008 ndi mu 2011, ndiponso a Edgar Lungu mu 2015, 2016 ndi 2021, mau a "wako ni wako" anamveka kwambiri, ndipo alipo amene anawatsata. Koma ngakhale pamenepo cimanga cinali kulankhula. Mu 2009 dongosolo la feteleza linakuzidwa ndi kuchedwa FISP. Mu 2010 ndi 2011 dziko linakolola cimanga coculuka kuposa kale lonse, ndipo Food Reserve Agency inali kugula thumba la makilogalamu 50 pa K65,000 ya ndalama zakale. Mlimi amene anagulitsa matumba ake pa mtengo umenewo anali ndi cifukwa cina covotera MMD kupatula dzina la Banda. Motero mu 2011 Chadiza inabwezanso a Mbewe. Mu 2016 inasankha a Salatiel Tembo a PF, ndipo mu 2021 a Jonathan Daka, a PF omwewo. M'caka ca 2021 comweco mavoti a a Hichilema Kum'mawa anakwera kwambiri poyerekeza ndi 2016, ngakhale kuti wopikisana nao anali kuchedwa mwana wa kwao.

Pofika mu 2021 mpando wa Chadiza unali utakhala m'manja mwa zipani zitatu, UNIP, MMD ndi PF. Dera limene lasintha cipani motere silingachedwe khola la munthu.

MAU OWAWA KWA ANTHU A KU CHADIZA

Wakutsina khutu ndi mnansi. M'mbiri imeneyi muli cizolowezi cimene anthu a ku Chadiza ayenera kuciyang'ana bwino. Mu 1991, 2006, 2011, 2016 ndi 2021 mpando unapita kwa cipani cimene cinali m'boma pa tsiku la voti. Katatu, mu 1991, 2011 ndi 2021, cipani cimeneco cinagwa m'dziko lonse, ndipo Chadiza inagona m'boma ndi kudzuka ili kumbali yotsutsa. Kuvotera boma sikulakwa ngati boma lagwira nchito. Colakwa ndi kuvotera boma cifukwa ca mantha, poganiza kuti feteleza ndi wa cipani ndipo mudzi wovota mwina udzacotsedwa pa mndandanda.

Mantha amenewa ndiwo cuma ca andale aulesi, ndipo mbiri iwatsutsa. Dongosolo la feteleza linayamba ndi MMD, PF inalipitiriza mu 2011, ndipo UPND inalipitirizanso mu 2021. Ndalama zake zicokera m'thumba la dziko, m'mene mlimi aponyamo msonkho nthawi iri yonse agula sopo, shuga kapena mafuta. Thumba la citukuko ca m'madera a masankho, la CDF, liperekedwa mofanana ku dera liri lonse, kaya membala wake ndi wa boma kaya ndi wotsutsa. Linali K1.6 miliyoni pa dera mu 2021, linakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2024 linali K30.6 miliyoni. Munthu wouza mudzi kuti ndalama zimenezi ndi cifundo ca cipani cake anama, ndipo ayenera kuuzidwa pamaso pa anthu kuti anama.

Nkhani ya mseu iphunzitsa zomwezo. Mu 2012 boma la a Michael Sata linayambitsa nchito ya miseu ya Link Zambia 8000, ndipo mseu wa Chipata kupita ku Chadiza unali pakati pa yolonjezedwa phula. Nchito inayamba, kenaka inaima. Pofika masankho a 2021 mseuwo unali usanathe, komabe cipani cimene cinaulonjeza cinalandira mpando wa Chadiza kawiri. Wandale akaona kuti voti ibwera ngakhale lonjezo lisanakwaniritsidwe, ndalama azipititsa kumene anthu ali okwiya. Kukhulupirika kopanda mafunso kucititsa kuti dera likhale lomaliza pa mzere.

Coipa ciposa ndico kugulitsa voti. Pambuyo pa masankho a 2011 makhoti anafafaniza zotsatira za madera angapo a Kum'mawa, monga Petauke Central, Malambo, Chipata Central ndi Vubwi, cifukwa ca zolakwa za pa kampeni. Ku Vubwi, kumene m'nthawi ya a Sata kunakhala boma palokha, anthu anabwereranso pa mzere mu 2014, ndipo ndalama za dziko zinaonongeka pa masankho obwereza. Lamulo la masankho la 2016 liika mlandu pa wopereka ciphuphu ndi pa wolandira yemwe. Citenje cing'ambika caka cisanathe, mcere usungunuka m'ndiwo za sabata imodzi, koma membala wosankhidwa akhala zaka zisanu. Amene agula mpando amabweza ndalama zake poyamba, ndipo azibweza pa citsime ndi kiliniki zimene mudzi unali kuyembekezera.

NCHITO YA MAMEMBALA M'NTHAMBI

Udindo waukulu uli pa mamembala a zipani m'midzi, acairmani a nthambi, amai ndi acinyamata, pakuti ndiwo amene ofuna mipando ayamba kuwafikira. Nthambi iri yonse iyenera kusunga buku lolembamo malonjezo a wofuna mpando, tsiku ndi malo amene ananenera, kuti pobwera kaciwiri awerengeredwe mau ake omwe. Membala amene ali pampando afunsidwe kuti ndalama za CDF za caka ciri conse zinapita kuti, wadi ndi wadi, ndi kuti ana angati a m'dera analandira thandizo la sukulu. Misonkhano ya makomiti a citukuko a m'mawadi, kumene nchito za CDF ziyambira, isasiyidwe kwa anthu asanu odziwana okha. Posankha woimira cipani, nthambi zikane munthu wotumizidwa kucokera ku Lusaka cifukwa ca ndalama zake, monga momwe Komiti Yaikulu inali kucitira kale.

Mnyamata ndi mtsikana ali yense wofika zaka 18 athandizidwe kutenga citupa ca dziko ndi khadi ya voti. Wa cipani cina asamenyedwe kapena kutsekeredwa msonkhano, pakuti mbiri ya Chadiza yomweyi isonyeza kuti wotsutsa wa lero ndiye boma la mawa, ndipo anthu a mudzi umodzi adzakumanabe pa maliro ndi pa dimba. Mafumu ndi anyakwawa alemekezedwe posawasenzetsa nchito youza anthu pocongera, cifukwa voti ndi yacinsinsi ndipo lamulo liteteza cinsinsi cimeneco.

Wobwera ndi mau a "wako ni wako" ayankhidwe mwaulemu kuti ubale wamveka, tsono achule mseu, mlatho kapena msika umene ubalewo unabweretsa. Wonyoza wa m'tauni naye apatsidwe zaka zimene zalembedwa pano, kuyambira 1953, aziwerenge bwino asanatsegule pakamwa. Agogo a anthu a ku Chadiza anakhala zaka khumi pansi pa Citaganya opanda wowafunsa, pamene azungu a kumayadi a Salisbury anali ndi membala wao. Adzukulu ao ali nayo voti, ndipo pa masankho ali onse akudza ayenera kufika pa mzere m'mamawa, buku la malonjezo atawerenga kale.